Kuyeza mankhwala ndi magetsi: sensa iti ya piritsi, iti ya magazi

Amene anaonapo wodwala shuga akudzibaya chala, n'kudonthezera magazi pa kapepala kolimba kaja, nambala n'kutuluka pasanathe mphindi, waonapo kale sensa ya magetsi ili pa ntchito. Tizipangizo tambiri timene apolisi apamsewu amapumitsiramo madalaivala pofufuza mowa timatsatanso nzeru yomweyo. Si nzeru ya dzulo. Jaroslav Heyrovský wa ku Prague anayamba kuyeza zinthu zosungunuka m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi mu 1922, ndipo analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1959. Mu 1962 Leland Clark ndi Champ Lyons anasonyeza kuti enzaimu, puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi, ikaikidwa pa elekitirodi, kachinthu kodutsa magetsi kokhudza madzi oyezedwa, shuga amayezeka, ndipo mu 1987 kampani ya MediSense inatulutsa ExacTech, kamita ka shuga kolowa m'thumba.

Ndiye ngati zikutheka ndi shuga ndi mowa, chovuta n'chiyani kuyeza Panado, Flagyl, LA kapena gentamicin mwa njira imeneyi? Zimatheka ndithu. Koma masensa alipo mitundumitundu, ndipo musanasankhe muyambe mwadzifunsa: ndikuyeza piritsi kapena ndikuyeza munthu?

Chimene chimachitika m'kadontho

Tiyambe ndi paracetamol, mankhwala a mu Panado, poti ndi amene ofufuza amamuyeza kwambiri. M'madzi omwe asungunuliramo mankhwalawa mumaviikidwa maelekitirodi atatu. Imodzi ndiyo imakumana ndi mankhwala, yachiwiri imasunga mulingo wosasintha wofanizirapo voteji, yachitatu imamaliza njira ya magetsi. Kachipangizo kotchedwa potentiostat kamakweza voteji pang'onopang'ono. Ikafika cha m'ma 0.3 mpaka 0.5 volt, malinga ndi mtundu wa elekitirodi ndi madzi ake, molekyu iliyonse ya paracetamol imataya maelekitironi awiri, ndipo magetsi oyenda mu waya amakwera. Malo amene akwerera amakuuzani kuti ndi mankhwala anji. Kukula kwa kukwerako kumakuuzani kuchuluka kwake.

Chimene paracetamol amasanduka pa elekitirodi ndi NAPQI, poizoni yemweyo amene chiwindi chimapanga munthu akamwa mapiritsi opyola muyezo, n'kuyamba kudziwononga chokha.

Mankhwala ena amalandira maelekitironi m'malo motaya. Metronidazole, amene tonse timamudziwa kuti Flagyl, ali m'gulu limeneli, chimodzimodzinso artemether wa mu LA. Apa pamavuta mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi, chifukwa nawonso umalandira maelekitironi, choncho nthawi zambiri amayamba auchotsa ndi mpweya wa nayitirojeni. Ndipo alipo mankhwala ngati gentamicin amene sapereka kapena kulandira kanthu mosavuta. Amenewa amafuna njira ina, tifikako.

Piritsi ndi magazi n'zosiyana kutali

Piritsi la Panado lili ndi mamiligalamu 500. Mukalisungunula m'mamililita 100 a madzi, muli ndi mamiligalamu 5,000 pa lita, ochuluka kwambiri moti muyenera kuthiranso madzi kangapo musanayeze. Zina zonse za m'piritsimo, monga sitachi ndi zomatira, sizisokoneza magetsi kwenikweni. Funso la piritsi ndi lakuti: kodi mankhwala alimo okwanira? Buku la miyezo la ku America limalola kuyambira 90 mpaka 110 peresenti ya zimene zalembedwa pa paketi, la ku Britain 95 mpaka 105. Chofunika apa si kumva kachinthu kochepetsetsa ayi, koma kupereka yankho lomwelomwelo mukabwereza.

Magazi ndi nkhani ina. Munthu amene wamwa paracetamol moyenera amakhala ndi mamiligalamu 10 mpaka 20 pa lita ya madzi a m'magazi. M'madzi omwewo muli uric acid, chotsalira chimene thupi limataya mu mkodzo, wochuluka kuposa paracetamolyo, muli vitamini C, ndipo zonsezi zimataya maelekitironi pa voteji yoyandikana ndi yake. Mulinso puloteni ya albumin, magalamu 35 mpaka 50 pa lita, imene imamatirira pa elekitirodi n'kuitseka. Mkodzo uli ndi puloteni yochepa koma uric acid ndi wambiri, komanso mankhwala ambiri amatuluka atasinthidwa kale ndi chiwindi. Malovu ndi oyera kuposa zonsezi ndipo safuna jakisoni, koma si mankhwala onse amene mulingo wake m'malovu umatsatira wa m'magazi.

Maelekitirodi a kaboni osapakidwa kanthu

Wakale ndi wodalirika mu labotale ndi glassy carbon, kaboni wolimba wosalala. Amapereka mayankho abwino pa paracetamol, isoniazid wa TB, metronidazole ndi ena ambiri. Vuto lake ndi ntchito ya manja. Akayeza kangapo, pamwamba pake pamachita utoto wosaoneka wa zotsalira za mankhwala, ndipo pamafunika kupukutidwa ndi ufa wa alumina mpaka pawale. Amoxicillin amadetsa msanga kwambiri. Anthu awiri akapukuta mosiyana, mayankho awonso amasiyana.

Ralph Adams wa ku University of Kansas anayambitsa njira yotsika mtengo mu 1958: ufa wa graphite wosakaniza ndi mafuta, n'kuupanikizira m'kachubu. Pamwamba pakada, mumangofinya pang'ono n'kupukuta papepala, pali patsopano. Ena amagwiritsa ntchito ngakhale mtima wa pensulo. Pophunzitsira ana a sukulu ya zamankhwala, ine sindiona china choposa izi, chifukwa wophunzira amapanga yekha chipangizo chake n'kuona ndi maso ake chimene chimasokoneza yankho. Koma mafuta aja amasungunuka m'zosungunulira zamphamvu za mu labotale, ndiye pa mankhwala osasungunuka bwino m'madzi, monga artemether ndi lumefantrine, njirayi imavuta.

Timapepala tosindikiza

Apa maelekitirodi onse atatu amasindikizidwa ndi inki ya kaboni ndi siliva pa kapulasitiki kapena kadongo kowotcha, mofanana ndi timapepala ta shuga. Kadontho kamodzi n'kokwanira. Mukayeza mumataya, ndiye nkhani yopukuta yatha, ndipo magazi a wodwala uyu sakumana ndi a wodwala wina. Kampani ya Metrohm DropSens ya ku Spain imadziwika ndi timapepala totere, ndipo PalmSens ya ku Netherlands imapanga ma potentiostat ang'onoang'ono, ena olumikiza ku foni. Mu 2011 ofufuza a ku University of California, Santa Barbara anafalitsa poyera mapangidwe a CheapStat, potentiostat yoti munthu adzipangire ndi ndalama zosakwana madola 80.

Zofooka zake zilipo. Inki ya bokosi ili simafanana ndendende ndi ya bokosi lotsatira, choncho bokosi lililonse latsopano liyenera kuyesedwa ndi mankhwala odziwika kale mulingo wake. Siliva uja amasintha akakhalitsa pa chinyezi. Ndipo kapepala kosapakidwa kanthu sikatha kusiyanitsa bwino paracetamol ndi uric acid m'magazi. Komabe pa ntchito ya mapiritsi, kwa woyendera mafamase amene akufuna kudziwa lero lomwe kuti katoni iti ndi yokayikitsa, ndikanasankha timapepalati. Bungwe la WHO linanena mu 2017 kuti pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi alionse m'mayiko osauka ndi apakatikati ndi achinyengo kapena osakwanira mphamvu. Mabungwe oyang'anira mankhwala ngati PMRA ku Malawi ndi ZAMRA ku Zambia sangapititse paketi iliyonse pa makina akuluakulu, ndiye chosefera chotsika mtengo chili ndi malo ake.

Pali phindu lina limene anthu saliganizira. Paracetamol akasungidwa potentha ndi pa chinyezi amayamba kuphwanyika n'kutulutsa p-aminophenol, yemwe ndi woopsa ku impso. Mu ufa wopangira mapiritsi amaloledwa magawo 50 okha pa miliyoni. Pa elekitirodi, p-aminophenol amaonekera pa voteji yotsika kuposa paracetamol, ndiye kuyeza kumodzi kungasonyeze onse awiri ngati kuwonongekako kwakula. Izi n'zofunika kwa ife amene timaona mapiritsi akugulitsidwa padzuwa pamsika.

Dayamondi wothira boron

Uyu ndi dayamondi wopangidwa mu fakitale, wothiridwa boron pang'ono kuti adutse magetsi. Amapirira voteji yokwera madzi asanayambe kuphwanyika, sadetsedwa msanga, ndipo amakhala zaka. Ndi amene amayenera mankhwala ouma mutu, ofuna voteji yokwera, ngati caffeine ndi ibuprofen, amene tinazolowera kumutchula Brufen. Mu 2009 ofufuza a ku São Carlos ku Brazil anayeza paracetamol ndi caffeine nthawi imodzi m'mapiritsi osakaniza pogwiritsa ntchito elekitirodi yotere. Mtengo wogulira ndi wokwera, ndipo mmene mwaikonzera ndi asidi musanayambe kumasintha yankho. Ndi ya labotale yokhazikika imene imayeza mapiritsi ambiri tsiku ndi tsiku. Si yoyenda nayo m'chikwama.

Zopakapaka za nano

Pano m'pamene pali phokoso lalikulu. Chiyambireni pamene Sumio Iijima anafotokoza timachubu ta kaboni tating'onoting'ono kwambiri, ndilo tanthauzo la nano, mu 1991, ndiponso Andre Geim ndi Konstantin Novoselov atapatula graphene, kachikopa ka kaboni kopyapyala kwambiri, ku Manchester mu 2004, ofufuza akhala akupaka zinthu zimenezi pa maelekitirodi, pamodzi ndi tinjere ta golide ndi zitsulo zina. Phindu lake ndi lenileni. Malo okumanirana ndi mankhwala amakula, maelekitironi amadutsa mosavuta, ndipo vitamini C, uric acid ndi paracetamol, zimene pa kaboni wamba zimaunjikana pamodzi, zimatha kupatukana chilichonse pa voteji yake.

Koma chenjerani ndi mpikisano wa ndani wamva kachinthu kochepetsetsa. Malipoti ambiri amanyadira kuti sensa yawo imamva paracetamol pa mulingo wa nanomole pa lita. Tiyeni tiwerengetse. Munthu akamwa mapiritsi ochuluka, dokotala amayang'ana mulingo wa m'magazi patatha maola anayi, motsatira tchati cha Rumack ndi Matthew cha mu 1975. Ku America mzere woyambira kupereka mankhwala opulumutsa chiwindi, acetylcysteine, uli pa mamiligalamu 150 pa lita. Ku Britain anautsitsa kufika pa 100 mu 2012. Mamiligalamu 150 pa lita ndi pafupifupi millimole imodzi, kuwirikiza nanomole ka miliyoni. Dokotala amene ali ndi mtsikana woti wamwa mapiritsi dzanja lonse sakufuna nanomole. Akufuna yankho lolondola pakati pa 50 ndi 300, kuchokera m'magazi enieni, maola asanu ndi atatu asanathe, pamene acetylcysteine amagwira bwino koposa. Zimandipweteka kuona nzeru zambiri zikuthera pa kutsitsa nambala imene wodwala saifuna, pamene masensa ambiriwa amayesedwa m'madzi oyera kapena m'madzi a m'magazi osungunulidwa kwambiri, othiridwa mankhwala ndi wofufuza mwini.

Vuto linanso n'lakuti zopakazi nthawi zambiri zimadonthezedwa ndi dzanja n'kuumitsidwa, ndiye maelekitirodi awiri safanana. Kumene kumva pang'ono kwambiri kuli ndi ntchito yeniyeni ndi pofufuza zotsalira za mankhwala m'mitsinje ndi m'madzi otuluka m'zipatala. Pa mapiritsi, zopakazi n'kungowononga ndalama.

Chopaka chimodzi chotsika mtengo chimene ndimachilemekeza ndi Nafion. Kachikopa kake kamakankha vitamini C ndi uric acid chifukwa zili ndi chaji yofanana ndi yake, koma paracetamol, amene alibe chaji m'magazi, amadutsa. Kwa woyeza paracetamol ndi mwayi. Kwa opanga mamita a shuga khalidwe lodutsa paliponseli linali mutu waukulu, moti masensa ena akale a shuga ovala pathupi ankasonyeza shuga wokwera mwabodza munthu akamwa paracetamol.

Masensa odziwa nkhope ya mankhwala amodzi

Njira zonse zapitazi zimadalira voteji posiyanitsa mankhwala. Zitatu zotsatirazi zimaika pa elekitirodi chinthu chogwira mankhwala amodzi okha.

Yoyamba ndi polima, chinthu chonga pulasitiki, woumbidwa mozungulira molekyu ya mankhwala, kenako molekyuyo n'kuchotsedwa, n'kusiya dzenje la maonekedwe ake, monga chikombole cha njerwa chimene chimangolandira njerwa ya saizi yake. Gulu la Klaus Mosbach ku Lund, m'dziko la Sweden, linasonyeza mu 1993 kuti mapolima otere angagwire theophylline ndi diazepam pafupifupi mmene asilikali a m'thupi amagwirira. Sawola, safuna furiji, ndipo kupanga kwake sikudula. Koma kuchotsa molekyu youmbira yonse n'kovuta, ndipo yotsalira ikamatuluka pang'onopang'ono imapereka yankho labodza. Amagwiranso bwino m'zosungunulira za mu labotale kuposa m'madzi, pamene magazi ndi mkodzo ndi madzi.

Yachiwiri ndi enzaimu, njira imene inapambana pa shuga. Pa paracetamol pali enzaimu ya aryl acylamidase imene imamudula n'kutulutsa p-aminophenol, amene amayezeka pa voteji yotsika kumene zosokoneza zimachepa. Imasankha bwino. Koma enzaimu ndi puloteni, ndipo kutentha kumaipha. Amene amadziwa mmene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumatenthera mu Okutobala, kupyola madigiri 40, ndi mmene magetsi amazimira, ayambe wafunsa za kasungidwe asanafunse za mtengo. Mankhwala ambirinso alibe enzaimu yawoyawo.

Yachitatu ndi imene imandipatsa chiyembekezo kwambiri: aptamer. Kameneka ndi kachingwe kakafupi ka DNA kosankhidwa mu labotale kuti kazigwira mankhwala amodzi, mwa njira imene inatulukira mu 1990. Mbali imodzi amakamangirira pa elekitirodi ya golide, mbali inayo amaikako utoto wa methylene blue. Mankhwala akafika, kachingweko kamapindika, utoto uja umasendera pafupi ndi golide kapena kutalikira, ndipo magetsi amasintha. Mankhwalawo safunika kupereka elekitironi iliyonse, ndiye ngakhale gentamicin amayezeka. Mu 2017 gulu la Kevin Plaxco ku Santa Barbara linaika masensa otere m'mitsempha ya makoswe amoyo n'kumatsata doxorubicin ndi mankhwala a m'banja la gentamicin pa masekondi ochepa alionse.

Taganizirani tanthauzo lake ku wodi ya ana obadwa kumene. Gentamicin ndi jakisoni amene timadalira kwambiri khanda likadwala matenda a m'magazi. Akachepa sachiza, akachuluka amawononga impso ndi makutu, ndipo zipatala zathu zambiri zimapereka potengera kulemera kwa mwana popanda kuyeza mulingo m'magazi. Komabe tisathamange. Mankhwala alionse amafuna aptamer yawo, chizindikiro chimafooka sensa ikakhala maola m'magazi, ndipo masensa amenewa akadali kwambiri m'manja mwa ofufuza. Ndi njira yoitsatira ndi kuichitira kafukufuku, osati yoiika pa bajeti ya chipatala chaka chino.

Imene inakhwima kale

Pa lithium, mankhwala a matenda a maganizo osinthasintha, palibe chodikira. Elekitirodi yosankha mchere umodzi imagwiritsidwa ntchito m'zipatala zambiri padziko. Siyeza magetsi oyenda, imayeza voteji imene imabadwa pa kachikopa kolola lithium. Mulingo wochiza uli pakati pa 0.6 ndi 1.2 millimole pa lita, ndipo ukapyola 1.5 poizoni amayamba. Mpata wake ndi wochepa choncho. Kachikopako kayenera kuzindikira lithium pakati pa sodium wokwana pafupifupi 140 millimole pa lita, n'chifukwa chake makina abwino amayeza sodium nthawi yomweyo n'kukonza yankho. Ndipo otenga magazi asamale: botolo lokhala ndi lithium heparin limakweza yankho mwabodza.

Kawerengedwe

Elekitirodi imodzi ingawerengedwe m'njira zingapo. Cyclic voltammetry, kukweza ndi kutsitsa voteji, ndi yodziwira khalidwe la mankhwala poyamba. Pofuna kuchuluka, differential pulse ndi square wave ndizo zabwino chifukwa zimachepetsa magetsi osachokera ku mankhwala, ndipo square wave imatha m'masekondi. Amperometry, kusunga voteji imodzi n'kumangoyeza magetsi, ndi yosavuta kuika m'kamita ka m'manja koma siisiyanitsa zinthu payokha. Imafuna enzaimu kapena kachikopa kutsogolo kwake.

Poyerekeza ndi zida zina

Makina a HPLC ndiwo akadali woweruza. Amapatula zonse za m'mankhwala chimodzichimodzi asanayeze, ndipo yankho lawo ndi limene lingaime pa mlandu wochotsa mankhwala pamsika. Amadula, amafuna zosungunulira zoyera kwambiri, magetsi osazima ndi katswiri wokonza. Minilab ya Global Pharma Health Fund, labotale yonyamula m'masutikesi, yagwira ntchito m'mayiko ambiri a mu Africa. Imadziwa mankhwala ochuluka ndipo imagwira bwino piritsi lopanda mankhwala, koma kuchuluka amangokuyerekeza ndi maso poona kuda kwa kadontho kamene mankhwalawo amasiya pa kambale koyezera. Makina a m'manja a Raman, oyeza ndi kuwala, monga TruScan amene bungwe loyang'anira mankhwala la NAFDAC ku Nigeria lagwiritsa ntchito, amatha kuwerenga kudzera mu pulasitiki ya paketi osaswa piritsi, koma savumbula bwino piritsi lenileni lokhala ndi mankhwala operewera. Mpata umenewo ndi umene sensa ya magetsi imatseka: imapereka nambala, ndipo piritsi la 70 peresenti limaonekera.

Koma sensa imayankha funso lokhalo limene yafunsidwa. Ku Haiti, mu 1995 ndi 1996, ana opitirira 80 anamwalira atamwa paracetamol wamadzi wokhala ndi diethylene glycol, poizoni amene analowa kudzera mu glycerin. Sensa ya paracetamol ikanapeza paracetamol m'botolomo n'kunena kuti zili bwino. Mu 2022 poizoni yemweyu, pamodzi ndi ethylene glycol, anapezeka m'mankhwala amadzi a chifuwa ku Gambia, kumene ana pafupifupi 70 anamwalira. Zinthu zimenezi zimafufuzidwa ndi njira ina ya mu labotale yotchedwa gas chromatography. Choncho pa mankhwala amadzi a ana, sensa ya magetsi isakhale yokha. Sinenanso ngati piritsi limasungunuka bwino m'mimba, komwe ndi kuyeza kwina kwapadera.

Kwa labotale yaing'ono yoyang'anira mapiritsi, ndingalangize timapepala ta kaboni tosapakidwa ndi potentiostat ya m'manja, n'kumatumiza zokayikitsa ku HPLC. Kumene amayeza zambiri pamalo amodzi, dayamondi amabweza ndalama zake. Pa magazi, funsani wogulitsa kapena wofufuza zinthu zitatu musanakhulupirire nambala iliyonse: anayesa m'magazi a odwala enieni kapena m'madzi othira mankhwala, anafanizira mayankho ndi HPLC kapena makina a chipatala, ndipo masensawo anagwira ntchito atasungidwa miyezi ingati potentha. Pa bajeti muikeponso ufa wa mankhwala wotsimikizika mulingo wake, wofanizira tsiku lililonse, chifukwa umatha ntchito ndipo umafuna kuitanitsanso chaka ndi chaka.